Momwe mungajambulire kanema wamfupi ndi foni: womveka, wooneka bwino, wosatha bandulo

Ogulitsa katundu, aphunzitsi, alimi ndi olengeza zochitika pa Facebook, TikTok ndi WhatsApp amakodwa pa malo amodzimodzi. Kanema amaoneka bwino ali mufoni, koma akafika pa intaneti nkhope zimachita chimbuuzi, mawu amamira m'phokoso la mphepo ndi njinga zamoto, ndipo bandulo imatha kanemayo asanamalize kulowa. Ambiri amaloza chala foni n'kuyamba kusunga ndalama zogulira ina. Kawirikawiri vuto silikhala foni. Tecno, itel, Infinix kapena Samsung yotsika mtengo ndi yokwanira bola ikhale yojambula pa 1080p, mlingo wa kuoneka bwino kwa chithunzi umene mumasankha mu Settings ya kamera. Chimene chimaononga makanema ambiri ndi mawu osamveka, ndipo chachiwiri ndi kasungidwe ka fayilo pomaliza.

Malangizowa ndi a kanema wa masekondi 30 mpaka 60. Chitsanzo chathu ndi telala amene akufuna kuonetsa mayunifomu sukulu zisanatsegulire, koma njira yake ndi yomweyo kwa wogulitsa anapiye, wophika makeke kapena wolengeza msonkhano wa mpingo.

## Zofunika kukhala nazo

- Foni yokhala ndi malo osachepera 2 GB komanso batire lopitirira theka.
- Kansalu kofewa kopukutira galasi la kamera.
- Maikolofoni yaing'ono yokoloweka pa malaya. Ngati mulibe, mahedifoni a chingwe oyankhulira pafoni amagwira ntchito.
- Choimikira foni. Ngati mulibe cha miyendo itatu, mulu wa mabuku kapena mpando ndi malegeni awiri omangira foni ndi zokwanira.
- Katoni yaikulu yomatidwa pepala loyera, yobwezera kuwala kumaso.
- Pepala ndi cholembera.
- Pulogalamu yodulira kanema: CapCut, InShot kapena VN. Itsitseni dzulo lake, pa Wi-Fi ngati n'kotheka.
- Bandulo yogwirizana ndi kumene mukaike kanemayo. Bandulo ya WhatsApp yokha singakutumizireni kanema ku TikTok.

## Musanakhudze kamera

1. Lembani zimene munene. Kanema mmodzi, nkhani imodzi. Telala asaphatikize mayunifomu, madiresi a ukwati ndi makatani. Zimenezo ndi makanema atatu. Gawani pepala patatu. Pamwamba lembani chiganizo chimodzi chonena vuto la woonera: "Yunifomu ya mwana wanu imang'ambika m'khwapa teremu isanathe?" Pakati lembani mfundo ziwiri kapena zitatu zimene maso angaone, monga msoko wobwereza kawiri, mabatani osokedwa molimba, ndi mpendero wautali woti mwana akakula mungomasula. Pansi lembani chinthu chimodzi choti woonera achite: aimbe, alembe uthenga, kapena abwere pamalo pakuti.

Werengani mokweza mukuyang'ana wotchi. Zikapitirira masekondi 60, chotsani mfundo, musafulumize lilime.

Chenjezo: moni wathu wautali ndi waulemu pakhomo, koma pa sikirini chala cha woonera chimakhala chitadutsa kale musanamalize kufunsa za kunyumba. Yambani ndi nkhani. Dzina lanu ndi malo anu zibwere pakati, kuthokoza kubwere kumapeto. Ulemu suchoka chifukwa mwausuntha malo.

2. Sankhani malo ndi makutu, kenako ndi maso. Imani pamalopo, tsinzinani, mvetserani kwa theka la mphindi. Mumva zimene makutu anazolowera kusalabadira: firiji, fani, wailesi ya oyandikana nawo, chigayo, jenereta, atambala. Maikolofoni siisankha, imatola zonse. Zimene mungathe kuzimitsa zimitseni. Zimene simungathe, zipezereni nthawi. M'mawa kwambiri misika ndi misewu zimakhala zisanadzuke.

Ombani m'manja kamodzi. Mukamva kulira kukubwerera, chipindacho chili ndi makoma ndi simenti zopanda kanthu, ndipo mawu anu adzamveka ngati muli m'tchalitchi mopanda anthu. Chipinda chokhala ndi makatani, mipando ya nsalu kapena zovala zopachika chimameza kulirako. Shopu ya telala ndi yabwino pa chifukwa chimenechi. Ngati chipinda chili chopanda kanthu, yalani mphasa pansi ndi kupachika bulangeti kumbuyo kwa foni. Mvula ikamagwa padenga la malata, ingodikirani, palibe pulogalamu imene ingakonze phokoso limenelo.

3. Kuwala kukhale kutsogolo kwanu. M'nyumba, yang'anani kuzenera kapena kuchitseko, foni ikhale pakati pa inu ndi kuwalako. Zenera likakhala kumbuyo kwanu kamera imayeza kuwala kwa panja, nkhope yanu n'kuda bii. Mbali imodzi ya nkhope ikada, wina agwire katoni yoyera ija mbali imeneyo, pafupi koma osaonekera pa chithunzi.

Panja, pewani dzuwa la paliwombo, limaika mithunzi m'maso ndipo limakuchititsani kutsinzina. Khalani pakhonde kapena pamthunzi wa khoma. Pansi pa mtengo wa masamba apatalipatali nkhope imachita mawangamawanga.

Mukajambula usiku ndi mababu, mutha kuona mizere yakuda ikuyenda pa chithunzi. Magetsi a ku Malawi amayenda pa 50 Hz, ndipo kamera yojambula pa 30 kapena 60 fps (chiwerengero cha zithunzi zimene imajambula pa sekondi) siigwirizana nawo nthawi zonse. Sinthani kukhala 25 fps, kapena pezani Anti-flicker kapena Anti-banding muike pa 50 Hz. Pa iPhone, 25 fps imaoneka mukayatsa Show PAL Formats.

## Kukonza foni ndi maikolofoni

4. Ikani foni m'malo mwake.

- Pukutani galasi la kamera. Mafuta a zala ndi amene amabweretsa utsiutsi umene anthu amati ndi kamera yofooka.
- Sankhani 1080p. Siyani 4K, mlingo wokwera kuposa 1080p: mphindi imodzi yokha imatha kupitirira 300 MB, foni imatentha, ndipo mapulogalamu a pa intaneti adzaipanikizabe.
- Imikani foni choimirira, osati chogona. Reels, TikTok ndi Status zonse zimafuna 9:16, kutanthauza 1080 m'lifupi ndi 1920 m'litali.
- Gwiritsani kamera yakumbuyo. Yakutsogolo ndi yofooka, ndipo pa mafoni ambiri imatembenuza zolembedwa, baji ya sukulu n'kumawerengeka chammbuyo.
- Kamera ikhale pa msinkhu wa maso anu, mtunda wa mita imodzi kapena kupitirirako pang'ono.
- Musakoke chithunzi ndi zala kuti chiyandikire. Sunthani foni.
- Dinani pa nkhope ya woyankhula n'kugwira chala pomwepo mpaka patuluke kaloko kapena mawu akuti AE/AF Lock. Mukapanda kutero kamera imasakasaka poyang'ana nthawi iliyonse dzanja likadutsa.
- Yatsani Airplane mode. Foni ikalira pakati, kujambula kumaima.

5. Lumikizani maikolofoni. Apa ndi pofunika kudekha kuposa pena paliponse. Munthu amapirira chithunzi chosawala bwino, koma sapirira mawu oti azichita kutchera khutu.

Kolowekani maikolofoni pachifuwa, masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pakamwa, pafupifupi kutalika kwa chikhatho chotambasula. Ikayandikira kwambiri, mpweya wa "p" ndi "ph" umaphulika, ndipo Chichewa chili nawo wochuluka. Ikatalikira, phokoso la chipinda limapambana. Isakhudzane ndi mkanda, tayi, kolala kapena tepi yoyezera imene telala amakoloweka m'khosi. Chingwe chidutse mkati mwa malaya. Kasiponji kamene kamabwera nayo musakachotse; panja ndi kamene kamatchinga mphepo.

Yang'anani pulagi ya maikolofoni ya chingwe. Foni imafuna pulagi ya mizere itatu yakuda, imene imatchedwa TRRS. Ya mizere iwiri, TRS, ndi ya makamera ndi makompyuta ena. Mukailowetsa mufoni imalowa bwinobwino koma siigwira ntchito, foni imangopitiriza kumva ndi maikolofoni yake. Pogula werengani mizereyo, kapena gulani kolumikizira kosintha TRS kukhala TRRS. Maikolofoni ina ili ndi kabatani kolembedwa Camera mbali ina, OFF kapena Smartphone mbali inayo. Pa foni ikani mbali yachiwiriyi.

Maikolofoni yopanda chingwe imabwera ndi kachidutswa kolowetsa pochajira. Onetsetsani kuti mwagula kogwirizana ndi foni yanu, USB-C, Micro-USB kapena Lightning. Pa mafoni ena a Android muyenera kuyatsa OTG mu Settings kuti foni izindikire chipangizo cholowetsedwa pochajira, ndipo OTG imatha kudzizimitsa yokha pakapita mphindi zingapo isakugwira ntchito. Ngati kamera ya foni ikukanabe kumva maikolofoni yakunja, tsitsani pulogalamu yaulere ya Open Camera, pa Audio source musankhe External mic.

Mulibe maikolofoni iliyonse? Yandikirani foni mpaka kutalika kwa mkono, mujambule m'nyumba. Kapena jambulani zithunzi zokha, mawu mukawajambule padera m'chipinda chogona chitseko chili chotseka, muwaphatikize podula.

6. Yesani masekondi 10. Yambani kujambula, gogodani maikolofoni ndi chala katatu, kenako gogodani thupi la foni, nenani chiganizo chanu choyamba. Mvetserani ndi mahedifoni. Ngati kugogoda kwa pa maikolofoni sikukumveka, foni sikuimva. Sitepe imeneyi anthu amaidumpha chifukwa cha changu, n'kuzindikira madzulo kuti zonse zimene anajambula ndi zopanda mawu.

## Kujambula

7. Jambulani m'zidutswa. Musayese kunena zonse kamodzi osalakwitsa. Chiganizo chilichonse chikhale chidutswa chake. Mukadina batani werengani mumtima mpaka 2 musanayankhule, ndipo mukamaliza khalani chete masekondi ena awiri. Malo amenewo mudzawafuna podula. Yang'anani galasi la kamera, osati sikirini kapena munthu wogwira foni. Yankhulani ngati mukuuza kasitomala mmodzi amene waima pakhomo la shopu.

Mukatha kuyankhula, jambulani zoonetsa, chilichonse masekondi 5 mpaka 8: singano ikuyenda pa msoko, manja akukoka khwapa la malaya kuonetsa kulimba, baji pafupi, mayunifomu atapachikidwa motsatira misinkhu, chikwangwani cha shopu ndi chizindikiro chodziwika cha pafupi kuti anthu asasochere. Zidutswa 6 kapena 8 zikwanira. Foni isayende, chiyende ndi chinthu chimene mukuonetsa.

Chenjezo lalikulu: musajambule munthu osamupempha, ndipo mwana musamujambule popanda chilolezo cha kholo. Yunifomu imaulula sukulu imene mwana amaphunzira. Ndi bwino kuonetsa chovala pa hang'ala kapena kujambula kuyambira m'khosi kutsika. Onaninso kumbuyo kwanu: buku la ngongole lotsegula, nambala za foni za makasitomala pakhoma, nambala ya galimoto ya munthu. Malawi ili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, komanso lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti, lija la Electronic Transactions and Cyber Security Act. Kupempha kumatenga mphindi imodzi.

## Kudula ndi kulumikiza

8. Dulani mosaumira. Ngati wodula ndi munthu wina, musamutumizire zidutswa pa WhatsApp ngati kanema wamba, chifukwa WhatsApp imazipanikiza. Tumizani ngati Document, kapena mupatsane pa chingwe, Quick Share kapena Xender.

Mu pulogalamu sankhani 9:16 poyamba. Ikani zidutswa zoyankhula motsatana. Chotsani kupuma kwa poyambira ndi pothera, "eee" ndi "ndiye kuti" zonse. Pamene mwadula pamaoneka kudumpha; phimbanipo ndi chidutswa choonetsa, mawu anu akupitirira pansi. Mu CapCut zimenezi zimachitika ndi Overlay, ndipo kumbukirani kuzimitsa mawu a chidutswa chapamwambacho. Kumapeto CapCut imaika kachidutswa ka chizindikiro chake, kadineni mukafufute. Zokongoletsa zolembedwa Pro ndi zolipira, ndipo mukaziika pulogalamu idzakukanizani kusunga kanema mpaka mutazichotsa kapena kulipira.

Zithunzi zozungulira, zothwanima ndi zophulika zisiyeni. Kudula wamba n'kokwanira.

9. Lembani mawu pa chithunzi. Anthu ambiri amaonera foni ili chete, m'minibasi, pamzere wa kubanki, kuntchito. Mapulogalamu odzilembera okha mawu samva Chichewa bwino, choncho lembani nokha. Simufunika kulemba liwu lililonse: mfundo yaikulu ya chidutswa chilichonse, mizere isapitirire iwiri, zilembo zoyera zokhala ndi mphepete yakuda kapena kabokosi kakuda kumbuyo. Ikani mawu pakati kapena pamwamba pang'ono. Pansi pa sikirini pamakhala dzina lanu ndi mawu ofotokozera, kumanja kumakhala mabatani; chilichonse choikidwa m'malo amenewo chimaphimbika. Nambala ya foni ikhale pa sikirini masekondi osachepera 5, ndipo muiwerenge kawiri musanasunge.

Mtengo musaulembe pa chithunzi ngati umasinthasintha. Nsalu ikakwera, kanema wakale adzakukanganitsani ndi makasitomala. Ulembeni m'mawu ofotokozera pansi pa kanema, pamodzi ndi tsiku.

10. Samalani ndi nyimbo. Nyimbo ya woimba amene mumamukonda ili ndi mwini wake. Facebook, TikTok ndi YouTube zili ndi makina ozindikira nyimbo, ndipo zimatha kuzimitsa mawu onse a kanema wanu, anu omwe, kapena kumuchotsa. Kuno kwathu umwini wa nyimbo umatetezedwa ndi lamulo la Copyright la 2016, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira. Kulemba kuti "nyimboyi si yanga" si chilolezo. Pa kanema wotsatsa malonda, tengani nyimbo zimene pulogalamuyo yalola amalonda: Commercial Music Library pa TikTok, Sound Collection ya Meta pa Facebook. Podula, chepetsani voliyumu ya nyimboyo ifike pa 10 kapena 15 mawu anu ali pa 100. Kanema wopanda nyimbo si wolakwika. Kulira kwa makina osokera kumauza woonera kuti ntchito ndi yeniyeni.

## Kusunga ndi kuika pa intaneti

11. Sungani fayilo pa mlingo woyenera. Sankhani 1080p, ndi fps yomwe munajambulira: 30 ikhale 30, 25 ikhale 25. Kukweza kukhala 60 kapena 4K sikuwonjezera ubwino umene kamera sinajambule, kumangonenepetsa fayilo.

Chimene chimalamulira kukula kwa fayilo ndi bitrate, kuchuluka kwa data pa sekondi iliyonse ya kanema, imene imayezedwa mu Mbps ndipo mapulogalamu ena amailemba Code rate. Kawerengedwe kake ndi aka: Mbps kuchulukitsa ndi masekondi, kugawa ndi 8, mupeza ma MB. Kanema wa masekondi 45 pa 17 Mbps, mlingo umene mafoni ambiri a Android amajambulira, ndi pafupifupi 96 MB. Yemweyo pa 6 Mbps ndi pafupifupi 34 MB, ndipo kwa munthu woyankhula ataima malo amodzi kusiyana kwake sikuoneka pa foni. Pakati pa 5 ndi 8 Mbps ndi pabwino. Mukatsika pansi pa 3 Mbps, mizere ya nsalu ndi maluwa a chitenje zimayamba kusweka timabokosi. Pulogalamu imaonetsa kukula kwa fayilo musanasunge. Yang'anani nambalayo, muichulukitse ndi malo amene muikepo. Facebook, TikTok ndi Status ndi kutumiza katatu.

Onerani kanemayo kamodzi ndi mahedifoni, kamodzi pa sipika ya foni. Makasitomala ambiri adzamvera pa sipika.

12. Ikani fayilo yoyambirira paliponse. Musatsitse kanema wanu ku TikTok n'kukamuika pa Facebook. Amakhala wapanikizidwa kawiri, ndipo amanyamula chizindikiro cha TikTok. Tengani fayilo imene munasunga, muitumize padera kulikonse.

Zimitsani Data saver mu pulogalamuyo potumiza. Pa TikTok, musanadine Post tsegulani More options muyatse kutumiza kwa HD. Pa Facebook gwiritsani pulogalamu yaikulu m'malo mwa Facebook Lite ngati foni ikulola. Tumizani pamene netiweki ili pa 4G ndipo mizere yadzaza; m'mawa kwambiri kapena usiku imapepuka. Musatuluke mu pulogalamu kanema asanamalize kulowa. Akangolowa amatha kuoneka wosawala kwa kanthawi makina akumukonza. Dikirani musanamufufute n'kuyambanso.

Sankhani chithunzi chapachikuto chooneka nkhope kapena katundu. Mawu ofotokozera anene chinthu, malo, mtengo ndi njira yolumikizirana, m'mizere itatu kapena inayi. Tchulani malo ndi dzina lake lenileni, Ndirande, Area 25, Chibavi, chifukwa ndi mawu amene anthu amalemba posaka. Ma hashtag atatu kapena anayi ogwirizana ndi nkhani akwanira. Status ya WhatsApp imafufutika pakatha maola 24 ndipo amaiona ndi okhawo amene munasungirana nambala, choncho isakhale malo okhawo.

13. Khalani pafupi ndi foni, kenako werengani manambala. Yankhani mafunso tsiku lomwelo, ndipo mtengo muunene poyera. Yankho lakuti "bwerani ku inbox" limathamangitsa anthu. Pakatha masiku awiri tsegulani Professional dashboard pa Facebook kapena Analytics pa TikTok. Chiwerengero cha oonera chisakutengeni mtima. Onani nthawi imene anthu amakhala akuonera ndi sekondi imene ambiri amachokera. Akachoka koyambirira, vuto ndi chiganizo choyamba. Akachoka pakati, pali mfundo yotalika yofunika kudula. Akafika kumapeto koma osaimba, simunawauze momveka chochita.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kugula foni yatsopano m'malo mwa maikolofoni. Foni yodula yoikidwa mamita atatu kuchokera pakamwa imamva chipinda chimodzimodzi ndi yotsika mtengo.

Kudalira batani lochotsa phokoso. Reduce noise imathandiza pa kulira kosasintha monga kwa fani. Pa mphepo, ana kapena wailesi imadya mawu anu, n'kumamveka ngati muli pansi pa madzi.

Kusakaniza zidutswa zoimirira ndi zogona. Zogona zimasanduka kachithunzi pakati pa mikwingwirima iwiri yakuda, ndipo mukazikulitsa mitu imadulidwa.

Zosefera nkhope ndi mitundu. Kwa wogulitsa nsalu izi ndi zoopsa: yunifomu yobiriwira ikaoneka yabuluu, kasitomala adzaibweza. Zimitsani Beauty ndi Filter zonse.

Kujambula foni ili pa chaja. Chaja ina imalowetsa kulira kwa "zzz" mu maikolofoni ya chingwe, ndipo foni imatentha mpaka kudula kujambula. Chajani kaye, makamaka masiku amene magetsi akuthimathima.

Kufufuta zidutswa kanema asanasungidwe. Pulogalamu yodulira imawerenga zidutswa kuchokera mu Gallery. Mukazifufuta pofuna malo, ntchito yonse imasanduka mabokosi akuda. Sungani kanema womaliza, mumukopere ku memori khadi kapena Google Drive, kenako mufufute.

Kupereka nambala yachinsinsi kwa wokuthandizani kuposita. Pa tsamba la Facebook muwonjezereni kudzera pa Page access ndi mphamvu zochepa, ndipo yatsani Two-factor authentication pa akaunti yanu, kuti wolowa azifunsidwanso nambala ina yotsimikizira kuti ndi inu. Uthenga wonena kuti tsamba lanu litsekedwa chifukwa cha nyimbo mukapanda kudina linki ndi wa akuba; chenjezo lenileni limapezeka mkati mwa pulogalamu, pa Page status kapena Support inbox, ndipo silikufunsani nambala yachinsinsi pa Messenger.